Pasaka, banja ndi chikho cha basketball: zomwe zimachitika m'nyumba za ku America kumayambiriro kwa Epulo

Lolemba usiku pa 5 Epulo 2010, mumzinda wa Indianapolis, kutatsala masekondi osakwana anayi kuti masewero athe, mnyamata wamtali dzina lake Gordon Hayward anawakha mpira, nathamanga nawo mpaka pakati pa bwalo, n'kuuponya ndi mphamvu zake zonse. Timu yake ya yunivesite ya Butler, sukulu yomwe panthawiyo inali ndi ophunzira osafika 5,000, inali kumbuyo ndi mapointi awiri, 61 kwa 59. Mpirawo ukanalowa, Butler ikanatenga chikho cha dziko lonse pamaso pa anthu akwawo, pakuti sukuluyo ili makilomita pafupifupi 10 okha kuchokera pabwalopo. Mpira unawomba bolodi, unagunda mkombero wachitsulo, n'kugwera kunja. Duke, imodzi mwa matimu akuluakulu, ndiyo inanyamula chikho.

Dzulo lake linali Lamulungu la Pasaka. Ambiri mwa anthu amene anagwira pamutu usiku umenewo anali atangochokera kwa makolo awo, kwa agogo kapena kwa apongozi, komwe anakhala masiku awiri kapena atatu akudya, kupita kutchalitchi, ndi kukangana za matimu. Kukumana kwa zinthu ziwirizi, chikondwerero cha banja ndi mapeto a mpikisano wa basketball wa mayunivesite, ndiko ndikufuna kufotokoza, chifukwa munthu wakunja akamva kuti dziko lolemera ngati America limaima chifukwa cha masewero a ana asukulu amadabwa. Chodabwitsacho chimatha ukaona momwe mpikisanowu anaupangira. Anaupanga mwanjira yoti ngakhale munthu wosadziwa malamulo a masewerowa amakhala ndi mbali yake.

Choyamba, tsiku la Pasaka limayendayenda. Matchalitchi a Katolika ndi a Chipulotesitanti amalipeza potsata mwezi: ndi Lamulungu loyamba mwezi ukakhala wathunthu kuyambira pa 21 Marichi, choncho limagwa pakati pa 22 Marichi ndi 25 Epulo. Koma mpikisano wa basketball suyendayenda kwambiri. Umayamba pakati pa Marichi n'kutha kumapeto kwa sabata yoyamba ya Epulo. Zaka zina ziwirizi zimaphonyana, zaka zina zimagwerana ndendende, monga mu 1983, 2010, 2015, 2018 ndi 2021. Zikagwerana, ndandanda yake masiku ano imakhala motere: Lachisanu Loyera amasewera masemifainolo a atsikana, Loweruka masemifainolo a anyamata, Lamulungu la Pasaka fainolo ya atsikana, ndipo Lolemba usiku fainolo ya anyamata. Ngakhale chaka chomwe Pasaka wabwera msanga, amapezabe mpikisano uli mkati, matimu akumenyera malo a ndime zomaliza.

Pali kusiyana kumodzi komwe owerenga a ku Malawi ndi ku Zambia ayenera kukudziwa. Kwathu Lachisanu Loyera ndi Lolemba la Pasaka ndi masiku a tchuthi cha boma. Ku America boma lalikulu silipereka tchuthi masiku awiriwa, ngakhale madera ena ndi masukulu ena amatseka Lachisanu. Ndiye amene wapita kwa makolo ake amanyamuka Lamulungu madzulo kuti Lolemba akalowe ntchito. Zotsatira zake n'zakuti tsiku lomwe banja lonse limaonera limodzi ndi Loweruka. Fainolo ya Lolemba ambiri amaonera aliyense kunyumba kwake, foni ili m'manja.

Mwini mpikisanowu ndi bungwe la NCAA, lomwe limayang'anira masewero m'makoleji ndi m'mayunivesite, ndipo likulu lake lili ku Indianapolis komweko. Unayamba mu 1939 ndi matimu asanu ndi atatu okha, Oregon n'kugonjetsa Ohio State 46 kwa 33. Mu 1985 matimu anafika 64, mu 2011 anafika 68. M'gulu lapamwamba la NCAA muli masukulu oposa 350, ogawidwa m'maligi oposa 30. Ligi iliyonse, kaya ndi ya masukulu olemera kaya ndi ya timasukulu tosadziwika, ili ndi malo amodzi otsimikizika a katswiri wake. Malo otsalawo amagawa ndi komiti, yomwe imaunika momwe timu iliyonse yasewerera chaka chonse. Komitiyi imalengeza mayina pa wailesi ya kanema Lamulungu lina pakati pa Marichi, tsiku lomwe eni ake amalitcha Selection Sunday. Matimu asanu ndi atatu amayamba apululana okha ku Dayton, m'chigawo cha Ohio, kuti patsale 64.

Matimu 64 aja amawagawa m'magulu anayi, gulu lililonse matimu 16, ndipo timu iliyonse imapatsidwa nambala kuyambira 1 mpaka 16 malinga ndi mphamvu zake. Nambala 1 imakumana ndi nambala 16, nambala 2 ndi nambala 15, mpaka nambala 8 ndi nambala 9. Kuyambira pamenepo lamulo ndi limodzi: wagonja, pakira katundu. Palibe masewero achibwereza, palibe zoti tikabwezera kwathu. Sabata yoyamba imasiya matimu 16, yachiwiri imasiya anayi, omwe amawatcha Final Four, ndipo yachitatu imasiya imodzi. Kuti timu itenge chikho iyenera kupambana kasanu ndi kamodzi motsatizana. Masabata atatuwa anthu amawatcha March Madness, kutanthauza misala ya mwezi wa Marichi.

Lamulo la chipulula limeneli ndilo mtima wa nkhani yonse. M'ligi ya akatswiri olipidwa, ya NBA, matimu awiri amakumana mpaka kasanu ndi kawiri, ndipo yamphamvu nthawi zambiri imadzaoneka. Apa pali mphindi 40 zokha, zigawo ziwiri za mphindi 20 kwa anyamata ndi zigawo zinayi za mphindi 10 kwa atsikana. Osewera ake ambiri ndi a zaka za pakati pa 18 ndi 23. Manja amanjenjemera. Wosewera akachita mafaulo asanu amatuluka osabwereranso, choncho katswiri wa timu akhoza kukhala pabenchi nthawi yomwe akufunika kwambiri. Mpira woponyera kutali umapereka mapointi atatu, ndiye timu yaing'ono ikangotentha manja kwa mphindi khumi, yaikulu imayamba kuthedwa nzeru. Kwa zaka zoposa 30 palibe timu ya anyamata ya nambala 16 inagonjetsapo nambala 1. Mu 2018 UMBC, sukulu ya kufupi ndi Baltimore yomwe anthu ambiri sankadziwa ngakhale tanthauzo la zilembo zake, inathambitsa Virginia 74 kwa 54. Chaka chotsatira Virginia yomweyo, ndi ena mwa anyamata omwewo amene anatuluka m'bwalo mitu ili pansi, inatenga chikho. Mu 2023 Purdue inagwa chimodzimodzi m'manja mwa Fairleigh Dickinson, 63 kwa 58.

Tsopano tifike pa pepala, chifukwa popanda pepalali banja silikanalowa m'nkhaniyi momwe lilowera.

Mayina akangolengezedwa, manyuzipepala ndi masamba a pa intaneti amatulutsa chithunzi cha mpikisano wonse chooneka ngati mtengo wogona chammbali: matimu 32 kumanzere, 32 kumanja, nthambi zikukumana ziwiriziwiri mpaka pakati pomwe pali mzere umodzi wa katswiri. Chithunzichi amachitcha bracket. Munthu amatenga cholembera n'kulosera wopambana masewero onse 63, kuyambira ndime yoyamba mpaka fainolo, mpikisano usanayambe. Akalosera molondola amapeza mapointi, ndipo ndime zakutsogolo zimalemera kuposa zoyamba. Anthu mamiliyoni amalemba: m'maofesi, m'masukulu, m'mabanja. Barack Obama ali pulezidenti ankalemba lake poonetsedwa pa kanema ya ESPN chaka ndi chaka.

Kulosera zonse molondola n'kosatheka m'njira iliyonse yomwe munthu angaganize. Ukati masewero aliwonse ndi ngati kuponya ndalama m'mwamba, mwayi wako ndi umodzi mwa 9,223,372,036,854,775,808. Kudziwa matimu kumachepetsa nambalayi, komabe palibe amene anatsimikizidwa kuti anakwanitsa. Amene anafika patali kwambiri anali munthu wina mu 2019, yemwe analondola masewero 49 oyambirira asanaphonye. Mu 2014 Warren Buffett, mmodzi wa anthu olemera kwambiri padziko, anaika madola 1 biliyoni kwa aliyense wolondola onse, ndipo sabata yoyamba isanathe onse anali atagwa.

Apa ndi pomwe ine ndimaona nzeru ya chinthuchi. Popeza wodziwa amaphonya ndipo wosadziwa amaphonyanso, onse ali pamzere umodzi. Bambo amene watsatira matimu kuyambira Novembala akhoza kugonja kwa mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amene anasankha potengera mtundu wa yunifolomu. Agogo aakazi akhoza kusankha sukulu chifukwa mdzukulu wawo amaphunzira mumzinda umenewo, n'kupezeka ali patsogolo. M'masewero ambiri odziwa amakhala pafupi ndi kanema, osadziwa amapita kukhitchini. Pepalali limakokera onse pabalaza.

Taganizirani nyumba ina m'chigawo cha Kentucky kapena Indiana Loweruka Loyera madzulo. Pa chitseko cha firiji pamatidwa mapepala asanu ndi awiri kapena khumi, lililonse lili ndi dzina pamwamba, ambiri atakhwatchidwa ndi cholembera chofiira mpaka kutsala mzere umodzi kapena iwiri yamoyo. M'kapu pashelefu muli ndalama zomwe aliyense anaponya, madola asanu kapena khumi, zodikira wopambana. Patebulo ana akunyika mazira owiritsa m'makapu a madzi amitundumitundu, zala zawo zasanduka zobiriwira ndi zapinki. Mazirawa, kapena ena apulasitiki okhala ndi maswiti mkati, akuluakulu adzawabisa pabwalo mawa kuti ana akafunefune akachoka kutchalitchi. Nyama ya nkhumba ya chakudya cha Lamulungu, ntchafu yonse yowamba yomwe amaipaka uchi kapena shuga, ikudikira m'firiji. Chakudya cha usiku uno n'chosavuta, choti munthu adye mbale ili pamwendo: pizza, mapiko a nkhuku, tchipisi. Masewero oyamba amayamba cha m'ma 6 koloko madzulo pa nthawi ya kum'mawa kwa dzikolo, achiwiri cha m'ma 9 koloko. Mipando siikwana, ndiye achinyamata amakhala pansi. Pamene kwatsala mphindi ziwiri, palibe amene wakhala.

Mphindi ziwiri zomalizazo zimatha kutenga kotala la ola kapena kuposa. Timu yomwe ili kumbuyo imachita mafaulo mwadala kuti wotchi iime, wochitiridwa faulo amapita pamzere kukaponya yekha popanda womutchinga, aphunzitsi amapempha nthawi yokambirana, oimbira amapita kukaonanso pa kanema. Ena amadandaula kuti zimachedwetsa, ndipo akunena zoona. Koma m'nyumba nthawi yodikirayi ndi yomwe aliyense amalankhula, wina akuwerengera mapointi a mapepala, wina watseka maso, wina akufotokozera azakhali chifukwa chomwe mnyamata uja wagwirira mnzake dala.

Pepala lokha silikanakwana. Chachiwiri ndi chakuti matimuwa ndi a masukulu, ndipo sukulu ku America imalowa m'mbiri ya banja. Matimu a akatswiri amatha kusamuka mumzinda wina kupita wina mwini wake akafuna. Yunivesite siisamuka. Munthu amachemerera komwe anaphunzira, komwe anakumana ndi mkazi wake, komwe bambo ake anaphunzira, kapena yunivesite ya boma ya chigawo chake ngakhale iye sanalowemo m'kalasi. Zigawo ngati Kentucky ndi Kansas zilibe timu ya NBA, choncho mtima wonse wa anthu uli pa ana asukulu. Timu ikamachita bwino kapena ikamavutika, anthu sasintha. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Ukwati ndiwo umasokoneza. Mwana wa banja la Kentucky akakwatira wa Louisville, kapena wa North Carolina akakwatiwa ndi wa Duke, masukulu awiri omwe ali pamtunda wosakwana makilomita 20, nyumbayo amaitcha yogawanika, ndipo m'masitolo amagulitsa mbendera zokhala ndi mitundu ya mbali zonse ziwiri. Mu 2022 ku New Orleans, Duke ndi North Carolina zinakumana koyamba m'mbiri ya mpikisanowu, pa semifainolo. North Carolina inapambana 81 kwa 77, ndipo amenewo anali masewero omaliza a mphunzitsi Mike Krzyzewski, amene anakhala ku Duke zaka 42 n'kutenga zikho zisanu. Mu 2015 Kentucky inafika Loweruka Loyera itapambana masewero onse 38 a chaka chimenecho osagonjapo. Wisconsin inaiswa 71 kwa 64. M'mawa mwake anthu a ku Kentucky anavala zovala zawo za Pasaka n'kupita kutchalitchi mitima ili yosweka.

Tchalitchi ndi bwalo zimakhudzana kuposa momwe munthu angaganizire. Masukulu ambiri amphamvu pa basketball ndi a mpingo wa Katolika: Villanova, Gonzaga, Georgetown, Marquette, Notre Dame. Misa ya usiku wa Loweruka Loyera imayamba kukada, nthawi yomweyo ya masemifainolo, ndiye mabanja ena amasankha Misa ya m'mawa, ena amajambula masewero n'kuzimitsa mafoni kuti asamve zotsatira. Yunivesite ya BYU, ya mpingo wa Latter-day Saints, siisewera Lamulungu, ndipo komiti imaiika m'gulu loti isadzagwere tsikulo.

Chaka cha 2018 ndicho chinaonetsa zimenezi poyera. Loyola ya ku Chicago, yomwe inali nambala 11, inafika mu Final Four, ndipo dziko lonse linakonda munthu mmodzi wosasewera: Sister Jean, sisitere wa zaka 98 amene ankapemphera ndi anyamatawo masewero asanayambe, atakhala pa njinga yake ya olumala, atakulunga sikafu ya mitundu ya sukulu. Ankawalemberanso makalata owauza zomwe waona pa adani awo. Loweruka Loyera ku San Antonio, Michigan inawatulutsa 69 kwa 57. Kumbali ya atsikana sabata yomweyo, Arike Ogunbowale wa Notre Dame, yemwe bambo ake ndi ochokera ku Nigeria, anagoletsa mpira wopambanira kutatsala sekondi imodzi Lachisanu Loyera pokumana ndi UConn, yunivesite ya Connecticut. Lamulungu la Pasaka anachitanso zomwezo pa fainolo, akuponya akupendekera pakona, Notre Dame n'kupambana Mississippi State 61 kwa 58. Lolemba Villanova inatenga chikho cha anyamata.

Mpikisano wa atsikana unayamba mu 1982 ndipo kwa zaka zambiri NCAA inkausamalira ngati mwana wopeza. Mu 2021 wosewera wa Oregon, Sedona Prince, anajambula kavidiyo koonetsa kamulu kakang'ono ka zitsulo zolimbitsira thupi komwe atsikana anapatsidwa, pomwe anyamata anali ndi chipinda chodzaza. Kavidiyoko kanafalikira, bungwe linapepesa, ndipo kuyambira 2022 atsikana nawo ali ndi matimu 68 komanso dzina la March Madness, lomwe kale ankawamana. Mu 2024 fainolo ya South Carolina ndi Iowa, momwe munali Caitlin Clark, katswiri wa Iowa, inaonedwa ndi anthu oposa 18 miliyoni, kuposa fainolo ya anyamata ya chaka chomwecho. Zinali zisanachitikepo. South Carolina ya mphunzitsi Dawn Staley inapambana 87 kwa 75 n'kumaliza chaka osagonja. Kwa mabanja izi zasintha tsiku la Lamulungu. Fainolo ya atsikana imaseweredwa masana, nthawi yomwe anthu angomaliza kudya ndipo sananyamuke, choncho ndi fainolo yokhayo yomwe onse angaonere pamodzi. Ife amene tinakulira pa mpira wa manja wa atsikana sitidabwa nazo. Netball yomwe Malawi amadziwika nayo inaphukira ku basketball yomweyi, masewero omwe James Naismith anayambitsa mu 1891 ku Springfield, Massachusetts, atakhoma madengu awiri a mapichesi m'chipinda chochitira masewero.

M'mabanja a anthu akuda ku America muli chaka china chomwe agogo amachikumbukira. Mu 1966 mphunzitsi Don Haskins wa Texas Western anayambitsa fainolo ndi osewera asanu, onse akuda, pokumana ndi Kentucky ya Adolph Rupp yomwe inali ya azungu okhaokha. Texas Western inapambana 72 kwa 65, pa nthawi yomwe masukulu ambiri a kummwera sankalola wakuda kuvala yunifolomu yawo. Patapita zaka zochepa zitseko zinayamba kutseguka. Mu 1979 fainolo ya Magic Johnson wa Michigan State ndi Larry Bird wa Indiana State inakopa gawo lalikulu la nyumba zokhala ndi kanema kuposa masewero ena aliwonse a basketball ya makoleji, ndipo kuchokera pamenepo makampani a kanema anaona kuti apa pali chuma. Ana a ku Africa nawo alembamo mayina. Hakeem Olajuwon wa ku Lagos anasankhidwa wosewera bwino kwambiri wa mpikisanowu mu 1983 ngakhale timu yake ya Houston inagonja pa sekondi yomaliza kwa NC State, 54 kwa 52, Lolemba la Pasaka. Adama Sanogo wa ku Bamako analandira ulemu womwewo mu 2023 ndi UConn, akusewera ali pa kusala kwa mwezi wa Ramadan.

Za chuma chija sindingazidumphe, chifukwa chisangalalo cha pabalaza chinamangidwa pa msana wa anthu ena. Mu 2010 makampani a CBS ndi Turner analonjeza madola 10.8 biliyoni kuti azionetsa mpikisano wa anyamata kwa zaka 14, ndipo mu 2016 anawonjezera madola 8.8 biliyoni kuti mgwirizano ufike 2032. Ndalama zambiri za NCAA zimachokera m'masabata atatu amenewa. Masewero aliwonse omwe timu yasewera amabweretsera ligi yake gawo la ndalama lomwe limalipidwa kwa zaka zisanu ndi chimodzi, n'chifukwa chake kupambana kamodzi kwa kasukulu kakang'ono kumasangalatsa ngakhale adani ake a m'ligi. Aphunzitsi a matimu akuluakulu amalandira mamiliyoni pachaka. Final Four ya anyamata imachitikira m'mabwalo a mpira wa chi America okhala ndi denga, momwe mumalowa anthu pafupifupi 70,000. Koma kwa zaka zambiri osewera eni ake ankangopatsidwa fizi, malo ogona, chakudya ndi mabuku. Wolandira ndalama chifukwa cha dzina lake ankalangidwa, pomwe sitolo ya sukulu inkagulitsa malaya okhala ndi nambala yake.

Maphunziro aulere si chinthu chaching'ono, makamaka m'dziko lomwe fizi imasiya anthu m'ngongole kwa zaka makumi. Komabe ine ndimaona kuti kunali kudyera masuku pamutu. Ambiri mwa anyamatawa amachokera m'mabanja osauka, ndipo NBA imasankha osewera pafupifupi 60 okha pachaka kuchokera padziko lonse, kutanthauza kuti kwa ochuluka zaka za kukoleji ndizo zokha zomwe dzina lawo lili ndi mtengo. Mu 2014 Shabazz Napier, katswiri wa UConn yomwe inatenga chikho chaka chimenecho, anauza atolankhani kuti masiku ena ankagona ndi njala. Ed O'Bannon, amene anatenga chikho ndi UCLA mu 1995, anadziona yekha m'gemu ya pa kompyuta popanda kupemphedwa kapena kulipidwa, nakasuma mu 2009. Mu Juni 2021 khoti lalikulu kwambiri la dzikolo, oweruza onse asanu ndi anayi mogwirizana, linagamula mlandu wina motsutsa NCAA. Kuyambira pa 1 Julaye 2021 osewera analoledwa kupanga ndalama ndi dzina ndi chithunzi chawo, ndipo mu 2025 woweruza anavomereza mgwirizano wolola sukulu kugawira osewera ake mwachindunji ndalama zofika madola pafupifupi 20.5 miliyoni pachaka.

Chilungamo chimenechi chabwera ndi mtengo wake, ndipo mtengowo ukumveka pa matebulo a Pasaka. Malamulo osamukira kusukulu ina anafewetsedwa, choncho wosewera akawala ndi timu yaing'ono chaka chino, chaka chamawa amakhala atatengedwa ndi sukulu yolemera. Ena aluso kwambiri amangokhala chaka chimodzi, pakuti kuyambira 2006 NBA imafuna kuti munthu akwanitse zaka 19 asanalowe. Akuluakulu amadandaula kuti kale unkamuona mwana akukula zaka zinayi, lero sudziwa mayina a osewera a timu yako mpaka Disembala. Achinyamata amayankha kuti aphunzitsi akhala akusamuka potsata ndalama kuyambira kalekale ndipo palibe ankawadzudzula. Pa mkangano umenewu ine ndili ndi achinyamata, ngakhale ndikumva chomwe akuluakulu ataya. Mu 2025 matimu onse anayi a nambala 1 ndiwo anafika mu Final Four, kachiwiri kokha m'mbiri, ndipo ambiri anafunsa ngati nthawi ya timasukulu ngati Butler ndi Loyola ikutha. Chaka chimodzi sichingayankhe funso limenelo.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi juga. Kuyambira 2018, khoti lalikulu litachotsa lamulo loletsa, zigawo zambiri zinavomereza kubetcha pa masewero, ndipo zotsatsa zake zadzaza pa kanema ndi pafoni. Kapu ya madola asanu pashelefu ndi chinthu china, kubetcha wekha pafoni pa mpira uliwonse ndi chinthu chinanso. Osewera ayamba kulandira mauthenga achipongwe kuchokera kwa anthu otaya ndalama, mpaka NCAA yapempha zigawo kuti ziletse kubetcha pa zochita za wosewera mmodzi payekha. Mnyamata wa zaka 19 amene waphonya mpira womaliza ali kale ndi katundu wokwanira.

Lamulungu madzulo magalimoto amatuluka, mbale za zotsala zitakulungidwa, ana atagona kumpando wakumbuyo ndi madengu awo a maswiti. Lolemba m'mawa ku White House kumakhala mwambo wogubuduza mazira pa kapinga, womwe unayamba mu 1878. Ena onse ali kuntchito ndi kusukulu. Fainolo imayamba cha m'ma 9 koloko usiku pa nthawi ya New York, pomwe ku Lilongwe ndi ku Lusaka ili cha m'ma 3 koloko m'bandakucha wa Lachiwiri. M'nyumba zambiri ndi usiku womwe mwana amaloledwa kugona mochedwa ngakhale mawa kuli sukulu. Banja lomwe linali pabalaza limodzi Loweruka tsopano lili m'mizinda inayi, likutumizirana mauthenga mpira uliwonse ukalowa, ndipo amene anatsala ndi mapepala a pafiriji ndiye amawerengera mapointi.

Masewero akatha, ogwira ntchito amabweretsa makwerero pansi pa mkombero. Osewera a timu yopambana amakwera mmodzimmodzi, aliyense ndi sizasi, n'kudula kachingwe kamodzi ka ukonde. Ena amakamangirira pa chipewa, ena amakaponyera makolo awo m'mipando. Mphunzitsi amakwera pomaliza, amadula chingwe chotsalacho, n'kuukweza ukondewo m'mwamba.